Maganizo akalemera akuluakulu athu kuno ku Joni: kiliniki, mpingo, gulu kapena basi ya kumudzi?

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwaphikira phala, kuwawerengera mapilitsi m'kabokosi ka sabata yonse, ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono pa kapinga dzuwa likatentha. Koma okalamba amenewo si athu, ndi makolo a mabwana a kumpoto kwa Johannesburg. Madzulo ndikatsika takisi ku Rosettenville ndimapeza wokalamba wanga weniweni, amalume anga, atakhala pa kreti pakhonde, chipewa chili pa bondo, maso ali pa geti ngati pali wina anawalonjeza kuti abwera.

Amalume ali ndi zaka 68. Anagwira ntchito ya m'gadeni pa nyumba imodzi zaka 26. Bwana wamwamuna atamwalira, adona anagulitsa nyumba n'kupita kwa ana awo kunja, ndipo amalume anataya ntchito pamodzi ndi kachipinda ka kuseri komwe ankagona. Apo n'kuti akazi awo atamwalira ku Thyolo chaka chimodzi m'mbuyomo, maliro anawaonera pa foni chifukwa masiku a mu pasipoti anali atatha kalekale. Ana kumudzi sanasiye kuimba. Lero feteleza, mawa fizi ya mdzukulu, mkuja malata amene namondwe Freddy anasasula mu 2023.

Mkulu wa kwathu sanena kuti ndili ndi nkhawa. Amati mutu ukulemera, msana ukuwotcha, mtima ukuthamanga, tulo tathawa. Mukawaumiriza amayankha kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, nkhani n'kuthera pomwepo. Ife tinazolowera kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye timapita kwa iwo ndi moto wathu wonse, osafunsa kuti dambolo likauma lidzazimitsidwa ndi ndani.

Miyezi imene ndakhala ndi amalume tayesa njira zingapo, zina ndazionera kwa anzathu a ku tchalitchi ndi kuntchito. Njira iliyonse ndimaiyesa ndi mafunso omwewo: ifuna ndalama zingati, ifuna mapepala kapena ayi, ikugwira muzu wa vuto kapena ikungoyoyola masamba, ndipo ikatha, mkuluyo adzuka mawa ali ndi munthu kapena ali yekha.

Kiliniki ya boma

Ine ndimati yambirani pano, ngakhale pali mzere wotopetsa ndipo nthawi zina pamakhala mawu opweteka. Chifukwa chake n'chakuti mwa munthu wachikulire, maganizo ndi matenda a m'thupi zimayenda zitagwirana. Bipi imatha kukwera munthu osamva kanthu mpaka tsiku limene mkono udzakana kunyamuka. Shuga akasokonekera munthu amafooka, amakwiya msanga, amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, ndipo ife timangoti ndi maganizo. Magazi akachepa, kapena chithokomiro chikasiya kugwira bwino ntchito, zizindikiro zimafanananso ndi za nkhawa. Simungasiyanitse zimenezi ndi maso. Nesi akamanga lamba uja pa mkono n'kupeza kuti bipi ikungokhala pa 140/90 kapena kupitirira, pamenepo mwapeza chinthu chimodzi chogwirika, chokhala ndi mankhwala ake. Amalume anawapeza ndi bipi yokwera kwambiri tsiku loyamba lomwelo, munthu amene ankati sanadwalepo moyo wake wonse.

Ku makiliniki a boma ndi malo ngati Hillbrow Community Health Centre chithandizo choyambirira n'chaulere. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kubwezedwa pa matenda a mwadzidzidzi. Mawuwo ndi akuti aliyense, osati nzika zokha. Koma tisanamizane. Tonse tamva, ena taona ndi maso, magulu a anthu ataima pa mageti a makiliniki n'kumafunsa zitupa, kubweza amene akulankhula Chizulu chopindika. Mkulu amene wanyozedwa kamodzi pa geti sabwererakonso, ndipo amapita kunyumba ndi maganizo oposa amene anabwera nawo. N'chifukwa chake ndimati musawatumize okha. Pemphani tsiku kuntchito, nyamukani m'bandakucha, tengani pasipoti ngakhale ili yotha, khadi la kiliniki ngati lilipo, ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa. Ku zipatala zazikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath nkhani ndi ina: kumafunika kalata yochokera ku kiliniki pokhapokha zikhale zamwadzidzidzi, ndipo kumakhala kulipira.

Mukalowa kwa nesi musathere pa mutu ndi msana. Nenani zonse: kuti sakugona, nsima akungoigwira n'kuisiya, wailesi imene ankaikonda sakuitsegulanso, ndipo zatha masabata awiri kapena kuposa zili choncho. Zimenezi ndi zizindikiro za matenda amene madokotala amati depression, ndipo ndi matenda ngati ena onse, si ulesi kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Mankhwala ake alipo m'makiliniki, monga fluoxetine, koma dziwani kuti sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi, ndipo akulu ambiri amawataya sabata yoyamba n'kunena kuti ndi achabe. Sayeneranso kusiyidwa mwadzidzidzi munthu akayamba kupeza bwino. Amene matenda awo akhazikika amatha kulembetsedwa mu ndondomeko ya CCMDD, n'kumakatengera mankhwala pafupi ndi kwawo popanda kuima pa mzere mwezi ndi mwezi.

Chimene kiliniki siingachite ndi kukhala nawo pansi. Nesi ali ndi anthu ambirimbiri panja, mphindi zake n'zowerengeka. Adzatsitsa bipi, koma za maliro a ku Thyolo sadzazimva.

Kukamba ndi munthu wodziwa kumvetsera

Apa pali njira ziwiri, ya alangizi ophunzira ndi ya pakati pathu. Bungwe la SADAG, lomwe likulu lake lili mu Johannesburg momwemuno, lili ndi nambala yaulere, 0800 567 567, yoimba usana ndi usiku munthu akafika poganiza zodzichotsera moyo. Safunsa chitupa. LifeLine nayonso imapereka uphungu pa foni ndi pamaso, ndipo ku Braamfontein kuli CSVR imene imathandiza anthu amene anakumana ndi nkhanza, kuphatikizapo obwera kuchokera kunja. Kwa mkulu amene anathamangitsidwa mu zipolowe za 2008, zija zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, kapena amene anataya wachibale pa moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Ogasiti 2023, ndipo mpaka pano amadzidzimuka akamva phokoso usiku, malo ngati amenewa ndi oyenera kuposa malangizo athu a pakhonde.

Vuto lake ndi chilankhulo. Uphungu umachitika m'Chingerezi kapena m'zilankhulo za kuno. Amalume Chingerezi chawo ndi cha m'gadeni, chodziwa mayina a maluwa ndi feteleza, osati chofotokozera chisoni. Ndikanati ndiziwamasulira, koma pali zinthu zimene mwamuna wamkulu sanganene pamaso pa mwana wa mlongo wake. Mukafuna womasulira, sankhani wa msinkhu wawo, mwamuna kwa mwamuna, mayi kwa mayi, ndipo akhale wosunga pakamwa.

Njira ya pakati pathu ndimaikhulupirira kwambiri, ndipo ili ndi umboni. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi wamba kukhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu, kumuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi lotheka, n'kugwirizana chochita sabata imeneyo. Ashona matendawa amati kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri kwathu komweku. Atayesa njirayi mwa kafukufuku, zotsatira zake zinatuluka mu 2016 zikuonetsa kuti okhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chimene ine ndinatolapo n'chakuti mulu wa mavuto suthetsedwa uli mulu. Amalume akati zonse zandithera, ndinaphunzira kusawatsutsa ndiponso kusathamangira kuwauza kuti limbani mtima. Ndimafunsa kuti, "Amalume, pa zonsezi chimene chikukudzutsani 2 koloko usiku n'chiti?" Yankho linandidabwitsa. Sizinali ndalama. Anali mantha akuti akafera kuno adzaikidwa ndi anthu osawadziwa.

Ndinene chinthu chimodzi mosabisa. Mkulu akayamba kunena kuti bola ndikanangofa, akayamba kugawa zovala ndi zida zake popanda chifukwa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwake. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a makoswe ndi mapilitsi ochuluka m'nyumba, imbani nambala ija kapena pitani naye kuchipatala. Pa foni ya m'manja 112 imakulumikizani ndi thandizo la mwadzidzidzi.

Mpingo, mzikiti, mneneri ndi sing'anga

Anthu amaziika mu dengu limodzi, koma n'zosiyana kwambiri. Mpingo wa CCAP uli ndi mipingo yake kuno ku Joni, Akatolika ali ndi miphakati, abale athu Asilamu ali ndi mizikiti ku Mayfair, Fordsburg ndi madera ena. Ubwino wa malo amenewa suli mu ulaliki wokha. Kumeneko mkulu amamva nyimbo ya m'buku imene ankaimba ali mnyamata, amaitanidwa ndi mfunda wake, amapatsidwa mpando wa kutsogolo. Munthu amene sabata yonse wakhala akuitanidwa ndi dzina lake loyamba ndi ana ang'onoang'ono a bwana, Lamulungu amakhalanso abambo. Ndaona amayi a Mvano akupita kukachezera mayi wodwala ku Turffontein atanyamula ufa ndi sopo, n'kuimba m'kachipinda kamodzi mpaka mwini nyumba kutuluka kudzaona. Palibe pilitsi limene lingachite zimenezo. Mtengo wake ndi wa takisi ndi chopereka chimene munthu angathe, mapepala safunika, ndipo pa funso lija lakuti mawa adzuka ndi ndani, njira iyi imaposa zonse.

Kufooka kwake n'kwakuti Lamulungu ndi tsiku limodzi, otsalawo ndi asanu ndi limodzi. Komanso m'mipingo mwathu muli kaduka ndi miseche, ndipo mkulu amene wagwa pa chuma amachita manyazi kubwera ndi jekete lomwelo pamene anzake akusonkha za chitukuko. Ngati ndinu mkulu wa mpingo mukuwerenga izi, amene wasiya kubwera ndiye woyamba kumuyendera.

Za aneneri ogulitsa mafuta, madzi ndi nthawi yoonana nawo paokha, mtima wanga ndi wowawa. Ine ndimapemphera, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma ndaona mayi wachikulire akupereka ndalama ya lendi kuti amuuze amene anamulodza, n'kuuzidwa kuti ndi mng'ono wake wa kumudzi. Anabwerako alibe lendi, alibenso m'bale. Ngakhale bungwe la boma la CRL Rights Commission linachitapo kafukufuku pa nkhani ya kusandutsa chipembedzo malonda. Muyeso wanga ndi wophweka: wopemphera amene akuti siyani mapilitsi a bipi kapena ma ARV, kapena amene pemphero lake lili ndi mtengo, tulukani. Kwa asing'anga, kaya ndi a ku msika wa Faraday kaya a m'timapepala ta pa mapolo a magetsi, ndinganene zofanana. Alipo amene amamvetsera munthu modekha kuposa nesi, ndipo n'chifukwa chake akulu amawakonda. Koma mankhwala a m'botolo osadziwika muyeso amatha kuwononga impso ndi chiwindi, makamaka kwa munthu amene akumwa kale mankhwala ena. Ngati agogo anu akumwa zitsamba, musawakalipire, chifukwa adzangobisa. Auzeni anesi kuti adziwe.

Thumba la maliro, chipereganyu ndi bawo

Mantha a amalume aja sanathe ndi pemphero kapena pilitsi. Anachepa tsiku limene tinawalembetsa ku gulu la maliro la anthu a kwathu, n'kuona dzina lawo m'kope ndi maso awo. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhamsonkha wotumiza mtembo kumudzi akudziwa kuti ndi ndalama zambirimbiri, ndipo akuluakulu amaziona zimenezi n'kumadziwerengera mumtima. Gulu labwino limachotsa mwala umenewo pa chifuwa. Funsani musanalowe: amalandira a zaka zingati, pamadutsa miyezi ingati munthu asanayenere kuthandizidwa, ndalama zimasungidwa ku banki kapena m'thumba la munthu mmodzi, ndipo mukaphonya mwezi chimachitika n'chiyani. Makampani a inshuwalansi ya maliro nawo alipo, koma mtengo umakwera ndi msinkhu, ndipo muwerenge bwino ngati kunyamula mtembo mpaka ku Malawi kuli m'gulu la zolipiridwa.

Chipereganyu, chimene eni dziko amati stokvel, n'chabwino kwa amene akadali ndi kolowera ndalama. Kwa amene ntchito yatha chimasanduka gwero la maganizo atsopano, chifukwa tsiku lopereka likafika amathamangira kwa mashonisa, ndiye katapila wathu uja, ndipo dzenje limakula. Mkulu wosagwira ntchito asalowe chipereganyu chifukwa cha manyazi.

Bawo ndilo sindilipeputsa. Mnyamata wina anawasemera amalume pa thabwa la pa shelefu yakale, njere zake ndi mabo za ana. Masana atatu pa sabata amabwera madala awiri, wina wa ku Mangochi wina wa ku Chipata, ndipo phokoso la kutakata limamveka mpaka kumsewu. Sakamba za mavuto awo. Amakangana za mpira ndi ndale za kumudzi. Koma masiku amenewo amalume amameta ndevu ndipo amadya.

Zimene zimaoneka ngati thandizo

Mowa ndiwo mankhwala apafupi a madala ambiri. Umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku, umakweza bipi, ndipo m'mawa ngongole ili pomwepo, yawonjezekanso. Grand-Pa nayenso ndi mnzawo wa ambiri. Muli aspirin, paracetamol ndi caffeine, ndipo womwa tsiku ndi tsiku amayamba kumva mutu chifukwa cha ufa womwewo, kwinaku aspirin akudya m'mimba mpaka zilonda. Amalume ankatsegula timapepala titatu pa tsiku. Mapilitsi a tulo a mtundu wa diazepam, amene ena amapatsana m'manja, ndimawaopa chifukwa cha zimene ndimaona kuntchito: wokalamba amadzuka usiku ali ndi chizungulire, n'kugwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo ambiri sayendanso monga kale. Thupi limawazoloweranso msanga.

Kuyenda ndiko kulibe mtengo. Bungwe la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Kwathu palibe amene ankawerengera zimenezi chifukwa khasu ndi ulendo wa ku chigayo zinkakwanira. Kuno munthu amatha tsiku lonse m'kachipinda, akuopa zigawenga ndi apolisi omwe. Loweruka m'mawa m'mapaki ambiri mumachitika parkrun, makilomita 5 aulere, ndipo oyenda wamba amaloledwa. Yoyamba m'dziko lino inayambira ku Delta Park mu 2011. Koma kwa amalume chimene chinagwira ntchito ndi kadimba. Mwini nyumba anatilola kampata ka kuseri, ndipo manja amene anasamalira maluwa a eni ake zaka 26 tsopano akulima mpiru, nkhwani ndi bonongwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu cha kuno chimapsereza masamba, koma ngakhale kudandaula za chisanu ndi nkhani yabwino kuposa kukhala chete.

Kugwira muzu: ndalama ndi mapepala

Pali maganizo ena amene mankhwala ake ndi kalata, osati uphungu. Ambiri sadziwa kuti wantchito wa m'nyumba kapena m'gadeni amene wachotsedwa chifukwa bwana akusamuka ayenera kulandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene anagwira, ndiponso chidziwitso cha masabata anayi ngati anagwira kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Amene wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo kudandaulako n'kwaulere. Khoti la za ntchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale munthu amene alibe chitupa chogwirira ntchito amatetezedwa ndi malamulo a ntchito. Amene ankadulidwa UIF, ndalama ya thumba lothandiza anthu ntchito ikawathera, ayenera kufufuza msanga, nthawi isanadutse. Madala amene anagwirapo m'migodi ya golide pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala chifuwa cha fumbi la m'mgodi kapena TB afufuze za Tshiamiso Trust, imene inakhazikitsidwa kuti ilipire anthu otere kapena mabanja awo.

Ndalama ya okalamba ya SASSA, yoposa R2,000 pa mwezi kwa a zaka 60 kupita m'tsogolo, imaperekedwa kwa nzika, kwa amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka. Akulu athu ambiri sali m'magulu amenewa, ndipo munthu wokuuzani kuti akonza zimenezi ndi ndalama akufuna kukuberani. Pa nkhani za mapepala pitani kwa Lawyers for Human Rights ku Braamfontein kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi, osati kwa mnyamata wa pa ngodya.

Njira iyi ndi yotopetsa, imafuna wachinyamata wodziwa kulemba ndi kudikira. Koma ikatheka imachotsa vuto lenilenilo.

Basi ya kumudzi

Ili ndilo funso limene limakhala pansi pa mafunso onse. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, timatero, ndipo aliyense woona mkulu akuvutika amafulumira kunena kuti angopita kumudzi akapume. Ulendo wake ndi wodziwika: Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Tete, mpaka Mwanza, masiku awiri munthu ali pa mpando. Kwa ena imeneyi ndiyo njira yoona. Amene anamanga nyumba ya malata, munda wake ulipo, ana anawalera ndipo ankapita kukawaona, akafika amapeza khonde, adzukulu, chilankhulo chake ndi manda a makolo ake. Kwa munthu wotere kukakamira kuno n'kudzizunza.

Koma si onse ali choncho. Dzina lakuti mtchona silinayambe lero. Linalipo m'masiku a Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, linalipo m'masiku a Theba amene analowa m'malo mwa Wenela, ndipo lilipo mpaka pano. Munthu amene wakhala kuno zaka 30 akabwerera amakapeza munda unagawidwa, anzake ambiri ali kumanda, ana amamudziwa ngati mawu a pa foni ndi nambala ya Mukuru. Kumadera a chikamwini ngati kwathu, mwamuna amene mkazi wake anamwalira sakhalanso ndi mphamvu pamudzi wa mkaziyo, ayenera kubwerera kwa alongo ake, ndipo mwina kumeneko anachokako ali mnyamata. Akafika ndi katundu wodzaza ngolo amalandiridwa ndi nthungululu. Akafika ndi chikwama chimodzi, mafunso amayamba sabata yachiwiri. Ku Malawi kulibe penshoni ya okalamba onse, Mtukula Pakhomo amafikira mabanja osankhidwa okha, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu n'kukwera. Mankhwala a bipi ndi shuga m'zipatala za kumudzi amatha kusowa. Ndipo pali chinthu chimene chimandiwawa kuchilemba: wokalamba amene wayamba kuiwalaiwala, kulankhula yekha kapena kusochera usiku, zomwe ndi matenda a ubongo amene ndimawaona tsiku lililonse kuntchito, m'midzi ina amamutcha mfiti, ndipo ena aphedwapo.

Dziwaninso kuti kwa amene masiku anatha, ulendowu umatha kukhala wopita kokha. Malamulo a kuno amati wopitiriza masiku ndi oposa 30 aletsedwe kulowanso kwa zaka zisanu. Kwa munthu wa zaka 68, zaka zisanu si zochepa.

Choncho ine sindiika basi patsogolo. Munthu amene sakugona, sakudya, bipi ili m'mwamba, asasankhe chinthu chachikulu chotere, chifukwa maganizo akalemera chilichonse chimaoneka chakuda, kuno n'kumudzi komwe. Ayambe wapeza tulo. Kenaka mafunso afunsidwe masana, eni mbumba ali pa foni: akagona nyumba iti, adzawaphikira ndani, chipatala chapafupi chili mtunda wotani, ife otsala kuno tidzatumiza zingati mwezi uliwonse ndipo tidzatumiza kwa ndani. Ndipo afunsidwe mwiniwakeyo. Kawirikawiri timakambirana za akuluakulu ngati katundu wopatsa transipota, iwo ali pomwepo akumva.

Ana a amalume ndinawaimbira ndekha. Ndinawauza kuti bambo awo sakugwiranso ntchito, ndipo foni yopempha ndalama izibwera kwa ine, kwa iwo kuzipita ya moni ndi mawu a adzukulu. Mmodzi anakwiya, sanandilankhule miyezi iwiri. Wamkazi anamva, ndipo Lamulungu lililonse madzulo amaimba pa WhatsApp n'kuwaonetsa nkhuku ndi mtengo wa mapeyala umene anabzala okha asananyamuke.

Pano amalume akumwa pilitsi la bipi m'mawa uliwonse, Grand-Pa anasiya, ndipo masiku ambiri amagona mpaka 4 koloko. Masiku ena amabwererabe pa kreti paja, chipewa pa bondo, ndipo ndimangokhala nawo osanena kanthu. Za kumudzi anena okha kuti tidzakambe mvula ikatha, mlongo wawo akadzamaliza kufolera kanyumba kamene tayamba kutumizira malata awiriawiri.